Mmene nkhono zinatsala pang'ono kuthetsa ukwati wanga

Tabwerani pamkeka pano nonse atatu. Yusufu, foniyo ika m'thumba, siithawa. Asiyatu sendera kufupi, mawu anga anatha, sindifuna kumakuwa ngati ndikuitana bwato la kutsidya. Nawenso Patuma khala pansi, mpungawo usankha tikatha.

Ndakumvani m'mawa muja mukukangana kuseri kwa nyumba. Iwe Yusufu umati ntchito yoopsa ndi yako ya njinga yamoto, poti umalimbana ndi maminibasi pamsewu, ndipo umamuseka mlongo wako kuti kuchapa nsalu za alendo ku Chembe ndi masewera, sikunaphepo munthu. Njinga yakoyo ndimaiopa, sindikukana. Koma mawu ngati amenewo ndinawayankhulapo ine ndevu zili zakuda, ndipo anatsala pang'ono kundipasulira banja. Nonsenu mwakula, ku jando ndi ku nsondo munapita kalekale, ndiye nkhaniyi mungathe kuimva. Agogo anu aakazi, Abiti Saidi, anandilola kuti ndidzakuuzeni, malinga iwo asakhalepo. Lero apita kwa Mponda kukaona mng'ono wawo, ndiye mpata ndi umenewu.

Ine ndinakula ndikukoka khoka. Inu mumadziwa maukonde ogula m'sitolo, koma pamene ndinkayamba, akuluakulu ankasolola ulusi m'matayala akutha a galimoto n'kumaluka okha pansi pa mtengo wa mango, mwezi wathunthu, zala mpaka kuchita matuza. Nditakwatira ndinabwera m'mudzi muno kudzakhala chikamwini, ndipo ndinalowa m'gulu la khoka la Che Mbwana, amene anali ndi dooko lawo kumunsi uko, pamene nyanja imayamba kusanduka mtsinje. Masiku amenewo chambo sichinali cha anthu olemera. Khoka limodzi linkadzaza mabwato awiri, china n'kumapatsa aliyense wongogwirako chingwe.

Ntchito yathu amuna inali yoopsa, zimenezo musakaike. Mwera ukadzuka tili pakati, bwato linkavina ngati chikho. Chipsera ichi chapantchafu, chimene unkachiopa uli wamng'ono iwe Patuma, inandipatsa ndi mvuu imene inatigudubuza m'mawa wina tikuponya khoka. Ine ndinatuluka, koma mnzanga Che Lifa tinakamupeza patapita masiku awiri. Mudzi wonse unalira, khoka silinalowe m'madzi sabata yathunthu. Imfa ya mwamuna wa panyanja inkamveka kutali. Ndiye tikabwera kumtunda tinkayenda modzimva, ngati anthu amene takambirana ndi imfa n'kugwirizana kuti idikire kaye.

Panalinso china. Pafupifupi tonse tinkakodza magazi. Mnyamata akayamba kuona zofiira, akuluakulu ankangoseka n'kumati wakula, nyanja yamulandira. Dzina lake tinkalidziwa, likodzo, koma sitinkaliwerengera m'gulu la matenda. Linali ngati zikang'a za m'manja, chizindikiro choti munthu ndi msodzi. Ndipo tonse tinkakhulupirira kuti akazi sadwala likodzo. Adwala bwanji poti salowa m'bwato?

Ntchito ya akazi tinkaitcha ya pamtunda, ngakhale kuti pamtunda sankakhalapo. Khoka likafika, iwo ankanyamula nsomba m'madengu n'kulowa nazo m'madzi pakati pa bango, pomwe madzi ndi odekha ndi ofunda, kuti atsuke mchenga. Kambuzi ankamutsuka dengu ndi dengu, chambo n'kuchipala mamba, kuchitumbula, kuchitsukanso, ataima madzi akulekeza m'chiuno. Ankalowa dzuwa likungotuluka, n'kutuluka swala, pemphero lathu la masana, itadutsa. Tsiku lopanda nsomba ankalowanso m'bango momwemo kukadula la mathandala oyanikapo. Muzikumbukira kuti nthawi imeneyo mkazi sankavala buluku, ngakhale diresi lalifupi, linali lamulo. Iwe Asiyatu ndi zovala zakozi akanakutengera kupolisi tsiku lomwelo. Ndiye agogo anu ankaswera ndi nsalu yonyowa yomata m'thupi, n'kudzaumira pamoto wowambira nsomba.

Che Mbwana sanali munthu woipa. Ife amuna ankatifunira mankhwala otchinjiriza ng'ona, ankatiphikitsira tiyi tikatuluka m'madzi, ndipo wina akavulala ankamunyamula yekha. Za akazi sankaganizako, ndipo palibe ankaona chachilendo. Nanenso agogo anu akadandaula msana kapena m'mimba, ndinkawayankha kuti akanadziwa zimene ife timakumana nazo pakati paja sakanatsegula pakamwa.

Tinakhala zaka zitatu popanda mwana. Chaka chachiwiri anaima, koma mimba inapita padera isanaoneke n'komwe. Kuchokera pamenepo sanakhalenso bwino. Ankamva kupweteka m'munsi mwa mimba, ankaona magazi masiku amene si akumwezi, ndipo tikakhala malo amodzi monga banja ankamva ululu woti ankaluma nsalu. Anayamba kuyezuka m'maso ndi m'manja. Mkazi amene ankanyamula dengu lodzaza popanda womutukula anayamba kupumira panjira.

Tinayesa zimene anthu ankayesa. Amayi awo anafuna mizu, anamwa mpaka mano kuda. Shehe anatilembera mawu oti asungunule m'madzi. Kenaka tinapita kwa munthu wina amene ankayenda panjinga m'midzi ndi kachikwama, kumabaya anthu jakisoni mobisa. Ameneyo atangomva zizindikiro anandiitanira pambali n'kundiuza kuti amenewa ndi matenda a chiwerewere, ndipo mmodzi mwa ife awiri anawatenga kunja. Anawabaya kasanu, thako mpaka kutupa, koma palibe chinasintha.

Mawu a munthu uja ndi amene anandilowa ngati munga. Ine ndinkadziwa kuti sindinayende ndi mkazi wina. Ndiye ndinayamba kuyang'ana agogo anu ndi diso lina. Pa dooko pankabwera amalonda a ku Limbe ndi ku Zomba, ena pa malole, ena panjinga zomangirira mitanga, ndipo ankagula nsomba kwa akazi. Kugulitsa kumafuna kuseka ndi wogula, aliyense amadziwa. Koma ine ndikawaona akuseka ndi dalaivala wa lole, mtima unkachita kuwira. Tsiku lina masana titabwera kunyumba ndinalephera kudzigwira.

"Abiti Saidi, matenda amenewa munawatenga kuti? Pakhomo pano sanamere okha."

Anandiyang'ana m'maso. Kenaka anati, "Amene amaperekeza nsomba ku Limbe n'kugona komweko ndani, ine kapena inu?"

Apo m'pamene ndinadziwa kuti nawonso ankandikaikira ine. Tinakhala m'nyumba imodzi ngati alendo okumana pa depoti, aliyense akusunga mlandu wa mnzake mumtima.

Cholakwa changa chachikulu chinali chakuti sindinasunge pakamwa. Ndinakauza mjomba wanga, amalume Che Bwanali, amene analinso nkhoswe yanga. Iwo anauza akazi awo, ndipo mukudziwa mmene nkhani imayendera pa dooko, imathamanga kuposa usipa. Pasanathe sabata akazi ena anayamba kusuntha madengu awo agogo anu akafika. Che Bwanali anandiuza kuti ndine mwamuna wamphamvu, ndisathere moyo pa munda wosabala umenenso mwalowa ziweto za eni. Anati ndisankhe, kuwasiya kapena kukwatira wachiwiri kwathu kutsidya. Ndinavomera kuti ankhoswe a mbali zonse akumane Lachisanu la sabata yotsatira, tikatuluka ku mzikiti. Zovala zanga ndinali nditayamba kale kuzisonkhanitsa m'kathumba.

Lachiwiri la sabata imeneyo tikukoka khoka lachiwiri, ndinamva akazi akuitana dzina langa. Agogo anu anali atakomoka m'madzi, dengu la kambuzi likuyandama. Akanakhala okha akanamira pamalo poti mwana amaima. Anawakokera pamchenga, milomo ili mbuu. Atatsitsimuka sanayang'ane ine. Anauza amayi awo kuti akufuna kupita kuchipatala cha ku boma, akafe akudziwa chimene chawapha.

Ndinabwereka njinga ya Che Mbwana, ija yakuda yolemera ngati ng'ombe, n'kuwakweza pakaliyala. Msewu unali wafumbi, osati uwu mumathamangapo lero. Chipani chinali chimodzi masiku amenewo, ndipo khadi lake linali ngati mpweya, popanda ilo sukanalowa mumsika kapena kukwera basi. Tikuyandikira boma tinapeza amuna a chipani atatchinga njira. Langa ndinatulutsa. La agogo anu linali lomangidwa pa mfundo ya nsalu, ndipo atamasula linali phala lokhalokha chifukwa cha madzi aja. Wamkulu wawo anayang'ana phalalo, n'kuyang'ana nkhope ya agogo anu, n'kungotikodola ndi dzanja kuti tipite.

Kuchipatala tinadikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Amene anatilandira anali anamwino aakazi ochokera kumpoto, a NyaMhango, achikulire ndithu, ovala magalasi. Chiyao sankachidziwa, Chichewa chawonso chinali chopindika, koma makutu anali nawo. Anafunsa agogo anu kuti amagwira ntchito yanji. Ine, monga tinkachitira amuna, ndinayankha m'malo mwawo. Ndinati sagwira ntchito yoti n'kudwala nayo, amangotsuka nsomba pamtunda.

"Bambo, ndafunsa mayiwa," anatero a NyaMhango, osandiyang'ana n'komwe. "Mayi, nsombazo mumatsukira pati? Madzi amalekeza pati? Mumakhalamo nthawi yaitali bwanji?"

Agogo anu anayankha motsitsa mawu, ndipo ine ndinamva ngati ndikumva za munthu wachilendo. Ntchito imene ndinkaiona tsiku ndi tsiku ndinali ndisanaiwerengepo kuti ndi theka la tsiku m'madzi, chaka ndi chaka, kuyambira ali kamtsikana kothandiza amayi awo. Kenaka anamwino anafunsa ngati anaonapo magazi m'mkodzo. Agogo anu anaweramitsa mutu n'kuvomera. Anati anayamba kuwaona asanathe msinkhu, ndipo akazi ambiri a pa dooko amawaona, koma si nkhani yoti n'kuuza mwamuna. Ena ankangoti ndi zakumwezi zosokonekera.

Ananditulutsa panja kuti awayeze. Atatha anatipatsa timabotolo tiwiri, kena ka iwo, kena ka ine, kuti tikaikemo mkodzo. Ndinafuna kukana, ndinati wodwala si ine. Anamwino anangondigwiritsa kabotoloko m'manja.

Tinagona kwa m'bale wina pafupi ndi msika, n'kubwereranso m'mawa. A NyaMhango anatitengera m'kachipinda momwe munali bambo wina ndi makina oonera tizilombo tosaoneka ndi maso. Anandiuza kuti nditseke diso limodzi ndisuzumire. Poyamba ndinangoona kuwala. Kenaka ndinaona tinthu tonga njere za mpunga, kalikonse kali ndi kaminga kunsonga. Anati amenewo ndi mazira a likodzo, ndipo ndi a m'kabotolo kanga. Atasintha kagalasi anati ndisuzumirenso. Tinthu tomwe tija, koma tochuluka ngati mchenga. Amenewo anali a agogo anu.

Ndinanena mopusa kuti sizingatheke, likodzo ndi la amuna. A NyaMhango anavula magalasi n'kundifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wa sukulu. Anati tizilomboti timakhala mu nkhono zing'onozing'ono zija zimamatirira ku bango, m'madzi osaya ndi odekha. Dzuwa likatentha timatuluka mu nkhonomo n'kulowa pakhungu la aliyense amene waima m'madzimo, sitifunsa kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Pakati pa nyanja, pamene ife tinkanyadira, m'pamene timachepa.

"Inu m'bangomo mumangodutsa popita ku bwato," anatero. "Akazi anu amaswera momwemo."

Anapitiriza kunena kuti mwa mwamuna matendawa amaonekera poyera, aliyense amawadziwa. Mwa mkazi mazira aja amakakhalanso m'njira ya chiberekero n'kupanga tizilonda, ndiye pamabwera ululu, magazi, nthawi zina kupita padera kapena kusaima kumene. Zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda a chiwerewere, moti anthu ambiri amasokoneza. Anati awayeza bwinobwino agogo anu, ndipo za chiwerewere sanapeze chilichonse. Kuyezuka ndi kukomoka kuja n'chifukwa choti magazi anachepa m'thupi.

Ana inu, sindidziwa ngati munasenzapo mtolo wa nkhuni zaziwisi ulendo wautali, n'kufika poutula. Khosi limapepuka mpaka umayenda ngati waledzera. Ndi mmene ndinamvera. Mkazi wanga sanandilakwire, sanali kufa, ndipo matenda ake anali ndi mankhwala. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo. Koma pambuyo pa kupepukako panabwera manyazi, poti ndinakumbukira kathumba ka zovala kaja ndi msonkhano wa Lachisanu.

Ndinafunsa ngati adzabereke. A NyaMhango sanatinamize. Anati tizilombo tifa, zimenezo akutsimikiza, koma zilonda zina zimapola, zina zimasiya zipsera, ndiye za mwana sangalonjeze. Anatikweza pasikelo mmodzimmodzi, n'kutiwerengera mapiritsi akuluakulu oyera molingana ndi kulemera kwathu. Anati tikadye kaye tisanamwe. Agogo anu anawapatsanso ena ang'onoang'ono owonjezera magazi. Chomaliza anati akabwerera m'bango muja matenda adzabweranso, ndiye nsomba azitsukira madzi a pachitsime, kapena a m'nyanja amene akhala mumgolo masiku awiri.

Tinalowa m'tiyirumu pafupi ndi msika. Kanali koyamba kukhala pansi ndi agogo anu pamalo ogulitsira zakudya, poti mwamuna wa nthawi imeneyo ankalowa yekha, mkazi n'kudikira panja ndi katundu. Tinamwa tiyi wamkaka ndi mandasi, n'kumeza mapiritsi aja. Anali owawa, ndipo pasanapite nthawi tonse tinayamba chizungulire ndi mseru. Njinga sindinathe kupalasa. Tinayenda wapansi, ine ndikukankha, tikupuma pansi pa mtengo uliwonse. Pa mtengo wina ndinayesa kupepesa. Mawu ankatuluka opindikapindika. Iwo anandisiya mpaka nditamaliza.

"Ine ndamva, Che Amidu," anatero. "Nanenso ndinakuganizirani zoipa, mundikhululukire. Koma zanga ndinasunga mumtima. Zanu munazimwaza. Mukazitole komwe munazimwazako."

Lachisanu msonkhano unachitika monga tinapanganirana, pakhonde la amayi awo. Ankhoswe anabwera atakonzeka kuthetsa ukwati. Anthu ena anaima chapatali ngati akudutsa, koma makutu ali kuno. Ine ndinaimirira, ngakhale mwambo unali woti andiyankhulire Che Bwanali, ndipo ndinakweza mawu kuti a kuseri kwa mpanda amve.

"Ndinamunamizira mwana wanu. Matenda ake ndi likodzo, lomwe lija tili nalo tonsefe, ndipo analitenga pa ntchito imene imatidyetsa. Ndaona ndi maso anga. Wolakwa pano ndine."

Apongozi anga aakazi analira mwakachetechete. Che Bwanali sanakhutire. Anati achipatala amadziwa kubisa nkhani kuti mabanja asathe, ndipo chibadwire chawo sanamvepo mkazi wodwala likodzo. Ndinawauza kuti akafunse akazi awo ngati sanaonepo magazi m'mkodzo. Anakwiya, ananyamuka osatsanzika. Patapita masiku angapo ndinakumana nawo panjira. Sanatchule nkhaniyo, anangondifunsa kuti anamwino aja amapezeka masiku ati.

Chovuta chinali ntchito. Agogo anu sakanasiya nsomba, ndi zimene tinkadya. Ndiye ndinakumba chitsime pafupi ndi mathandala, pamchenga pamene madzi sali patali, n'kupeza mgolo wakale n'kuudula pakati kuti ukhale mabeseni awiri. Tikatuluka m'madzi anzanga akupita kukamwa tiyi, ine ndinkatunga madzi kudzaza mabeseni aja. Anandiseka, ana inu. Ankati Che Amidu wakwatiwa, mawa timuona atavala mpango. Akazi enanso ankaseka, ankati Abiti Saidi wasanduka dona woopa kunyowa. Kutsukira m'beseni kunkachedwetsa, ndipo masiku ena amalonda ankanyamuka nsomba zathu zisanakonzeke. Bango la mathandala ndinkadula ndine, mwachangu, m'mamawa dzuwa lisanatenthe, ndipo chaka chilichonse ndinkapita kukayezetsa.

Koma thupi silinama. Itatha miyezi itatu, agogo anu anayamba kubwerera m'maonekedwe awo. Ululu unachepa, kenaka unatha. Tsiku lina ndinawaona atadzitukula okha dengu lodzaza, n'kumayenda akucheza ndi mnzawo osapumira. Akazi anayamba kubwera mmodzimmodzi kuseri kwa nyumba kudzafunsa monong'ona. Ena amuna awo anawaletsa kupita kuchipatala, ankati mkazi wopita kukayezetsa zoterozo ndiye kuti akudzidziwa. Koma mkazi wamng'ono wa Che Mbwana atapita n'kupezeka nalo, Che Mbwana anabweretsa migolo inayi pa lole ya amalonda n'kutiuza amuna tonse kuti tikulitse chitsime. Amene ankandiseka aja ndinawapatsa fosholo ndi manja anga. Si onse anasiya kulowa m'bango, ndisakunamizeni. Nsomba zikachuluka anthu ankathamangira m'madzi momwemo. Koma mawu oti likodzo ndi la amuna okha anatha pa dooko lathu.

Mvula inagwa kawiri tisanaone kanthu. Ine ndinali nditauza mtima wanga kuti ngakhale mwana asabwere, sindichoka. Chaka chachitatu, nyengo ya mango, agogo anu anayamba kudana ndi fungo la nsomba zowamba. Sanandiuze, ndinangoona amayi awo akumwetulira okha posinja. Miyezi imeneyo ndinayenda ngati munthu wonyamula mazira m'manja. Akangoti m'mimba, ine thukuta. Ndinawaletsa kunyamula ngakhale chidebe, mpaka anandikalipira kuti ndisawasandutse wodwala. Nthawi itakwana ndinawaperekeza ku boma masiku asanafike, ndipo Lolemba lina m'mawa anabadwa mtsikana wonenepa, wolira mokweza ngati mwini dooko. Ameneyo ndi Mariamu, mayi anu. Ukali umene amakukalipirani nawo anabadwa nawo, musamadabwe.

Titabwera naye kunyumba, akazi a m'mudzi anabwera kudzaona mwana, wina ndi ufa, wina ndi sopo. Tsiku lachitatu masana, anthu atachepa, kunabwera mayi wina dzina lake Abiti Chande. Inu simunamuone, anamwalira musanabadwe. Anali wamkulu kwa ife ndi zaka zambiri ndithu, ndipo ankakhala yekha kumapeto kwa mudzi. Anakwatiwapo kawiri, amuna onse awiri anamusiya, ndipo mbiri yake inali yoti ndi mkazi woyendayenda amene matenda anamutseka mimba. Ana tinkawaletsa kudya kwake. Popita ku dooko sankadzera njira ya pakati pa mudzi, ankazungulira kuseri m'minda kuti asakumane ndi anthu. Nanenso ndinkamupatsa moni wa patali.

Sanalowe m'nyumba. Anakhala pansi kunja kwa khonde, n'kupempha kuti amuonetse mwana ali pomwepo. Agogo anu anatuluka n'kumuika mwanayo m'manja mwake. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayamba kufunsa agogo anu, motsitsa mawu, mmene ululu wawo unkakhalira, magazi ankabwera liti, ankamva bwanji. Chilichonse chimene agogo anu ankayankha, iye ankagwedeza mutu. Pomaliza anatembenukira kwa ine.

"Che Amidu, inu munaona ndi maso anu. N'zoona kuti ndi nkhono?"

Ndinati n'zoona.

"Ine ndatsuka nsomba m'bango muja kuyambira ndili wosavala," anatero. "Mwamuna wina sindinamudziwepo, kupatula awiri aja anandikwatira. Ndinalumbira mpaka kutopa, kenaka ndinayamba kuganiza kuti kapena ndinalakwa ndili m'tulo."

Agogo anu anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa chimene ankanena. M'mawa mwake ndinabwereka njinga ija n'kumutengera Abiti Chande ku boma. A NyaMhango anali adakalipo. Anamuyeza, ndipo anapeza mazira omwe aja. Anamuuza mosabisa kuti za kubereka nthawi inapita, koma ululu umene wakhala nawo zaka zonsezi ungachepe. Iye anapempha kuti naye asuzumire m'makina muja. Anasuzumira, n'kupempha kusuzumiranso kachiwiri. Kenaka anapempha anamwino kuti amulembere dzina la matendawo pakapepala, ngakhale sankadziwa kuwerenga, ndipo anakapinda bwinobwino n'kukagwira m'manja.

Tinayamba ulendo wobwerera. Titayandikira mudzi ndinakhotetsa njinga kuti ndilowe kanjira ka m'minda kaja, kopita kwake, poti ndinkadziwa kuti ndi kumene amadzera. Anandigwira malaya kumsana.

"Ayi, Che Amidu. Lero tidzere pakati pa mudzi. Ndipo mupalase pang'onopang'ono."